Kodi mumadziwa? Mantha a tikiti ku Paris, mantha a pabwalo ku Dedza

Kodi mumadziwa kuti kunja kuno kuli anthu amene amapisa m'thumba, n'kugula tikiti, n'cholinga choti wina awaopseze mpaka akomoke? Mumzinda wa Paris, ku France, mudali nyumba ya zisudzo yotchedwa Grand Guignol imene ntchito yake idali yomweyo basi. Idatsegulidwa mu 1897 n'kudzatsekedwa mu 1962, ndiye kuti idagulitsa mantha kwa zaka 65!

Nyumbayo poyamba idali kachalichi, moti angelo awiri osema adatsala m'mwamba akuyang'ana anthu akubayana pansanja. Ndipo musaganize za chiholo chachikulu ayi. Mipando yake idali 293 yokha.

Mkulu wake, Max Maurey, ankayeza kukoma kwa sewero powerenga anthu amene agwa ndi mantha, mpaka adalemba ntchito dokotala woti azitsitsimutsa okomokawo. Mayi wina wochita zisudzo kumeneko, Paula Maxa, adatchuka ndi kufa: akuti adaphedwa pansanja maulendo oposa 10,000, m'njira zosachepera 60. Wofa kamodzi patsiku angamupeze patatha zaka 27!

Tsono gwirani mtima, chifukwa nkhani yeniyeni ili pakhomo pompano. Pamene a ku Paris ankaphunzira kusakaniza magazi abodza, anthu a m'mapiri a Dedza adali atazolowera kalekale kuona zilombo zikutuluka kumanda, ng'oma zili mkati, fumbi lili koboo. Bungwe la UNESCO limati Gule Wamkulu adalipo kale m'zaka za m'ma 1600, zaka 200 kapena kuposa Grand Guignol isanagulitse tikiti yoyamba.

Ndinene msanga eni mzinda asanandifunse: Gule si sewero. Eni ake amamutcha pemphero lalikulu, ndipo amatuluka pamaliro, paziliza, pachinamwali ndi polonga mfumu. Koma luso logwira mtima wa woonerera, kuugwetsa pansi n'kuudzutsanso, lili pabwalo lonse lathunthu, ndipo ndi luso limenelo ndikufuna tiliyang'ane ndi maso awiri.

Mu 2005 UNESCO idalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse a padziko lapansi, m'dzina la maiko atatu: Malawi, Zambia ndi Mozambique. Chaka chimenecho miyambo imene idalandira ulemuwu padziko lonse idali 43 yokha. Mukudziwa kuti iwiri mwa iyo, Gule ndi Vimbuza, ndi ya kuno kwathu?

Tiyambe ndi nkhungu. Nyumba za zisudzo zoopsa zimagula makina ofukiza utsi, zina zimathira madzi otentha pa ayezi wouma, wozizira madigiri 78 kunsi kwa ziro, kuti nkhungu izikwawa pansanja. Ku Dedza, tauni yokhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nkhungu ya mu Juni ndi Julayi imatsika yokha, yaulere, kuchokera paphiri lotalika mamita 2,198.

Nanga magetsi? Zilombo zikuluzikulu zimakonda usiku, ndipo nyale yake ndi mwezi, miuni ya udzu ndi moto wa mapesi umene amayi akuotha m'mbali mwa bwalo. Mwezi wathunthu, uwale bwanji, kuwala kwake n'kochepa maulendo 400,000 poyerekeza ndi kwa dzuwa!

Apa ndiye pagona chinsinsi. Mumdima diso limasiya kusiyanitsa mitundu, m'mphepete mwa zinthu mumasokonekera, ndipo pamene diso lalephera ubongo umadzazapo wokha, kawirikawiri ndi zoopsa kuposa zenizenizo. Kuti diso lizolowere mdima bwinobwino pamafunika mphindi pafupifupi 30.

Ndiye taganizirani: muli pabwalo, mphepo ya Dedza ikuluma makutu, nyimbo yasintha, kenaka chakumitengo uko chinthu choyera chachitali chikugwedezeka. Ameneyo ndi Kasiyamaliro, wa maonekedwe a ntchefu, msana wolowa pakati, mutu ndi mchira zili m'mwamba. Kuyera konseko, koonekera patali pamwezi, ndi makoko a chimanga, omwe aja timasiyira mbuzi tikakolola!

Za kudambwe n'za kudambwe, ine mpanda umenewo sindilumpha. Koma chimene chimandigwira mtima n'chakuti zilombo za mtunduwu sizisungidwa: mwambo ukatha zimatenthedwa, pamwambo wina kudzabwera zatsopano. Yerekezani ndi chinyale cholendewera cha m'sewero la The Phantom of the Opera ku New York, cholemera pafupifupi tani imodzi, chimene chinkatsitsidwa mwaliwiro pamwamba pa mitu ya anthu usiku ndi usiku kwa zaka 35.

Sewero limenelo lidaonetsedwa maulendo 13,981 lisanatsekedwe mu 2023. Ku New York chinthu chokongola chimasungidwa kuti chibweze ndalama. Kwathu chokongolacho chimaperekeza mzimu wa malemu n'kupita nawo limodzi. Inu mwa ziwirizi chikukugwedezani kwambiri n'chiti?

Chimkoko ndiye china. Chikamalowa m'bwalo mutu umakhala wafika kale mchira ukadali kunja, miyendo ili mbwee moti ana amasokonezeka poiwerenga, koma yonse ikuponda pamodzi motsata ng'oma. Pamwamba pa zonse pali Njovu, imene situluka chisawawa: munthu atha kukula, kukwatira, n'kuona zidzukulu ataiona kamodzi kokha.

Potchula njovu, kodi mumadziwa kuti njovu za m'tchire zimalankhulana ndi mawu otsika kwambiri amene khutu la munthu silimva? Mayi wina wa ku America, Katy Payne, adazitulukira mu 1984 atamva mpweya ukunjenjemera pafupi ndi khola la njovu. Khutu lathu limathera pa kunjenjemera 20 pa sekondi, koma njovu imatsika kupitirira apo.

Mawu otsika amamveka ndi chifuwa, osati khutu lokha, ndipo oimba ng'oma pabwalo amazidziwa bwino zimenezi: mbalule amacheza ndi mapazi a chilombo, pamene ng'oma zikuluzikulu zikugunda m'mimba mwa woonerera. Mu 2003 akatswiri ku London adabisa mawu osamveka, a kunjenjemera 17 pa sekondi, m'nyimbo zimene anthu pafupifupi 700 ankamvetsera. Amene adati adagwidwa nthumanzi, chisoni kapena tsemwe adali 22 pa 100 alionse!

Ndipo ng'oma ya usiku imafika patali kuposa ya masana, makamaka kumalo kozizira monga kwa Kachere, kwa Kaphuka kapena kwa Kasumbu. Mpweya wozizira ukakhala pansi, wofunda pamwamba, mawu amapindikira pansi m'malo mothawira kumwamba. Amathamanga mamita pafupifupi 340 pa sekondi, choncho ng'oma yolira pamtunda wa makilomita 3 imakupezani patatha masekondi 9.

Mwaona? Mantha ayamba musanaone kanthu. Mwana amayamba kugwira chitenje cha amayi ake akadali panjira, bwalo lili kuseri kwa phiri.

Tikweze maso m'mwamba. Makanja ali ndi miyendo yaitali moti mutu umapitirira denga la nyumba, koma amavina, kutembenuka ndi kuthamanga pabwalo la dothi lokumbikakumbika. Gologolo ndiye amakwera mtengo wozika pabwalo n'kumasewera pansonga penipeni, popanda lamba womugwira, popanda matiresi pansi!

Nanga moto? Mbaula amalowa m'bwalo moto ukuyaka pamutu, pamene ku London moto udawapsetsera nyumba: pa 29 Juni 1613 mzinga umene adaomba m'sewero la William Shakespeare udayatsa denga la udzu la nyumba ya Globe, yonse n'kugwa phulusa. Palibe adafa, koma bambo wina buluku lake lidagwira moto, ndipo lidazimitsidwa ndi botolo limodzi la mowa.

M'holo mpando wanu ndi linga lanu: mzukwa uli uko, inu muli kuno. Pabwalo malire otero palibe. Kang'wingwi, thupi lonse lili matope, atha kutembenuka mwadzidzidzi n'kulunjika pomwe mwaima, khamu lonse balala, mfuu ndi phwete zikumveka nthawi imodzi.

Kodi mumadziwa kuti ku New York anthu ankalipira ndalama zambiri kuti alaweko zoterezi? Sewero la Sleep No More, lomwe lidayamba mu 2011 n'kutha mu Januwale 2025, lidalibe mipando: oonerera ankavala zigoba zoyera n'kumayenda okha mumdima, akukumana ndi ochita sewero maso ndi maso. Zipinda zoti azisocheramo zidali pafupifupi 100.

Phwete lija musalipeputse. A Grand Guignol usiku umodzi ankaonetsa timasewero 5 kapena 6, koopsa kenaka koseketsa, koopsa kenaka koseketsa, kuti mtima upume usanagwidwenso. Pabwalo n'chimodzimodzi: chilombo cholusa chikabwerera kuliunde, kumalowa china cha nthabwala chimene chimasiya amayi atagwira nthiti.

Akatswiri a payunivesite ya Aarhus ku Denmark adamangirira timakina toyeza kugunda kwa mtima pa anthu olowa m'nyumba yoopsezera alendo. Adapeza kuti chisangalalo chimafika pachimake mantha akakhala apakatikati: akachepa munthu amaboweka, akapyola muyeso amangofuna kuthawa. Oyezedwa pakafukufuku wa mu 2020 ameneyu adali 110.

Tsono zilombozo n'zambiri bwanji! Chadzunda, wa nkhope yakuda yamakwinya, amalowa akutsimphina ngati nkhalamba yotheratu, ng'oma ikangosintha n'kuvina mwamphamvu kuposa mnyamata. Simoni ndi wofiira psuu, mzungu wopsa ndi dzuwa, pamene Maliya ndi wofatsa ndi waulemu.

Chilichonse chili ndi nyimbo yake, kaponda kake ndi mwambo umene chikuphunzitsa. Zambiri zimachita dala khalidwe loipa, ulesi, umbombo, chiwerewere, nkhanza za pabanja, kuti muone nokha kunyansa kwake. Apa mpamene bwalo limaposera Paris: woonerera amabwerera kwawo atanjenjemera, ataseka, komanso atalangizidwa, zitatu pa ulendo umodzi.

Ndipo Gule sagona. Kutabwera njinga yamoto pabwalo padatuluka Honda, kutabwera ndege padatuluka helikopita. Ku Brooklyn Museum, mumzinda wa New York, kuli nkhope ya Gule yosemedwa mofanana ndi woimba Elvis Presley, ya cha m'ma 1977!

M'zaka za m'ma 1920 amishoni ndi a Nyau adakokana kwambiri m'chigawo chapakati, kuno ku Dedza komwe, kulimbirana ana: apite kusukulu kapena kudambwe? Amishoni adapempha boma la atsamunda kuti liletse Gule, koma Gule adatenga mayina a m'Baibulo monga Maliya, Simoni ndi Yosefe n'kuwavinitsa pabwalo. Patha zaka 100, ng'oma ikulirabe.

Chodabwitsa n'chakuti lero imodzi mwa nkhokwe zazikulu za nkhope za Gule ili pamishoni! Tsikani msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, mukafike ku Mua, kumene ansembe a White Fathers adamanga msasa mu 1902. Kumeneko Bambo Claude Boucher Chisale, obadwira ku Canada, adatsegula malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976.

M'nyumba yosungira zakale ya Chamare muli chipinda chimene nkhope za zilombo zidapachikidwa pachimtengo kuyambira pansi mpaka m'mwamba, zonse zikukuyang'anani. Zilipo zoposa 400. Mutati muyang'ane iliyonse kwa mphindi imodzi yokha, mungatulukemo patatha maola 6 ndi mphindi 40!

Bambo Boucher adafika m'Malawi mu 1967, ndipo buku lawo lofotokoza zilombo, When Animals Sing and Spirits Dance, lidatuluka mu 2012. Kuona, kufunsa, kujambula, kulemba nyimbo imodziimodzi. Pakati pa zaka ziwirizo pali zaka 45.

Bwererani kumtunda, ku Chongoni. M'mapanga a m'nkhalango imeneyi ndi m'mapiri oyandikana nayo monga Mphunzi, Chencherere ndi Namzeze muli zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa. Malo ake ndi 127, ndiye kuyendera amodzi patsiku kungakutengereni miyezi yoposa 4.

Zoyerazo zina n'za chinamwali cha atsikana, zina n'za Nyau, ndipo ku Namzeze mungazindikire zilombo zomwe zija mumaziona pabwalo. Pakati pake pali ngakhale galimoto! UNESCO idaika Chongoni pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, malo achiwiri a m'Malawi kutsatira Lake Malawi National Park ya mu 1984.

Gule sadziwa chitupa cha pamalire. Kuseri kwa Dedza, ku Angónia m'chigawo cha Tete, ng'oma zake ndi zomwezi, ndipo Amalawi amene adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe adapita naye. Kumeneko ana a m'makomboni amathawa akangomva dzina limodzi: Zvigure!

Mukafuna kuona zilombo za maiko atatu pabwalo limodzi, pitani ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Atsamunda adauletsa mwambowu mu 1934, ndipo udayambiranso mu 1984. Udagona zaka 50 osafa!

Mwamvapo za Mjapani wometa? Kenji Yoshida adakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia m'zaka za m'ma 1980 mpaka adagula njira, ndipo mu 2017 adakhala mkulu wa nyumba yaikulu yosungira za chikhalidwe cha mitundu ya anthu ku Osaka. Kuchoka kudambwe kukafika kumeneko ndi makilomita oposa 10,000.

Kwawo ku Japan nakonso amadziwa kuti ndi mizimu sasewera nayo. Sewero la Yotsuya Kaidan, la mu 1825, limaonetsa mzukwa wa mayi wotchedwa Oiwa, tsitsi likuthothoka popesa, nkhope ikutulukira m'nyale. Ochita seweroli amayamba apita kukachisi wa Oiwa kukapempha mtendere kuti tsoka lisawagwere, ndipo akuchitabe zimenezi patatha zaka 200.

Agiriki akale nawo ankavala zigoba, ndipo ochita zisudzo onse adali amuna okhaokha. Nkhani yakale imati pamene Aeschylus adatulutsa mizimu yolipsira pabwalo la ku Athens, m'chaka cha 458 Yesu asanabadwe, ana adakomoka ndi mantha. Papita zaka zoposa 2,400.

Kukomokako sikudathe. Mu 1927 oonetsa sewero la Dracula ku London adaimika namwino wovala yunifolomu m'holo. Mu 2014, pa Globe yatsopano, sewero la magazi la Titus Andronicus lidakomola kapena kuthawitsa anthu oposa 100 pa zionetsero 51!

Nanga mukudziwa kumene Orson Welles adathamangira atafuna kuti mfiti za m'sewero la Macbeth ziopse zenizeni? Ku ng'oma za ku Africa: ku Harlem mu 1936 adaitana Asadata Dafora wa ku Sierra Leone ndi gulu lake la oimba ng'oma, pasewero la anthu akuda okhaokha pafupifupi 150. Welles nthawiyo adali ndi zaka 20.

Mukapita kukaonera Gule, pitani ndi ulemu. Pemphani kwa mfumu musanatulutse foni yojambulira, imani pamene atsabwalo akuuzani, konzani kangachepe kofupa, ndipo mukakumana ndi chilombo panjira patukani. Musafunse kuti ameneyu ndani, chifukwa pabwalo yankho ndi limodzi lokha: ndi chilombo.

Ndinenenso ichi. Chilombo chothamangitsa ana a sukulu kapena kulanda anthu katundu pamsewu chikunyozetsa mwambo, ndipo mafumu ndi a Chewa Heritage Foundation akamadzudzula zimenezi akunena zoona. Mantha a pabwalo ali ndi mwini wake, nthawi yake ndi malire ake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zisudzo zathu za m'maholo sizidatapeko mokwanira luso limeneli. Akatswiri tidakhala nawo: Gertrude Kamkwatira, a Kwathu, Izeki ndi Jakobo, ndi Steve Chimombo amene sewero lake la The Rainmaker, lonena za M'bona, lidasindikizidwa mu 1978. Du Chisiza Jnr adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, n'kutisiya mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha.

Kuseketsa timatha, kuliritsa timatha. Koma ndi kangati mudalowa m'holo ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Zomba magetsi n'kuzima dala, ng'oma n'kuyamba chapansipansi kumbuyo kwanu, tsitsi n'kuima? Kawirikawiri pansanja pamakhala tebulo limodzi ndi mipando iwiri.

Wina anena kuti vuto ndi ndalama. Koma The Woman in Black, sewero la mzukwa limene lidakhala ku London kuyambira mu 1989 mpaka pa 4 Malichi 2023, lili ndi amuna awiri okha olankhula, dengu lalikulu, mipando, chitseko, nkhungu ndi mawu ojambulidwa. Lidaonetsedwa maulendo 13,232, ndiye woonera kamodzi patsiku angamalize patatha zaka 36!

Ndipo lidayamba chifukwa cha kuchepa kwa ndalama komweko. Mu 1987 nyumba ya zisudzo ya m'tauni ya Scarborough inkafuna kasewero kotchipa ka pa Khirisimasi, ndipo kadachitikira m'chipinda chomwera zakumwa. Ndalama zokonzera nsanja ndi zovala zidali mapaundi 1,000.

Zida zoopsezera zambiri zili kukhitchini ndi kumsika. Bingu la m'zisudzo ndi lata logwedeza, mapazi a hatchi ndi zigoba za kokonati, ndipo a Grand Guignol maso okolowola ankakawatenga kwa ogulitsa nyama. M'kanema wa Psycho wa mu 1960, phokoso la mpeni wobaya munthu lidali la mpeni wobaya vwende, magazi ake adali chokoleti!

Nanga mzukwa umazimiririka bwanji anthu akuona? Mu 1820, pasewero la The Vampire ku London, adapanga kachitseko ka pansi ka mbali ziwiri kamene kamatseguka munthu akakaponda n'kudzitsekanso nthawi yomweyo. Buku la Dracula la Bram Stoker lidabwera pambuyo pake ndi zaka 77.

Koma mfumu ya zonse ndi galasi. Pa 24 Disembala 1862, John Henry Pepper, pogwiritsa ntchito nzeru ya Henry Dircks, adaonetsa anthu a ku London mzukwa woonekera mkati, woyenda pansanja, woti dzanja limangoudutsa. Apo n'kuti patangotha zaka 3 David Livingstone ataona nyanja ya Malawi.

Chinsinsi chake mumachiona tsiku lililonse. Mukakhala m'nyumba yowala usiku n'kuyang'ana pawindo, mumaona nkhope yanu ikuyandama panja pamodzi ndi mitengo. Pepper adaika chigalasi chachikulu chopendekeka pakati pa nsanja ndi oonerera, n'kubisa munthu wovala zoyera pamalo amene oonerera sakuona, n'kumuwalitsa ndi nyale yamphamvu, basi mzukwa uwo!

Mukuganiza kuti nzeruyi idatha ntchito? Mu 2012, pachikondwerero cha nyimbo cha Coachella ku America, khamu lidakuwa litaona Tupac Shakur akuimba pansanja, patatha zaka 16 chimwalirireni. Ambiri adati ndi zamakono zedi, koma nzeru yake idali ndi zaka 150.

Tsono inu a magulu a zisudzo m'sukulu, kuyambira ku Box 48, Dedza Secondary School ija idatsegulidwa mu 1951, mpaka kusukulu zoyendera za kwa Tambala ndi kwa Chilikumwendo, mukudikira chiyani? Zilombo zisiyireni eni mzinda, si zotengera pansanja, koma mdima, ng'oma, kudikiritsa ndi kusinthanitsa mantha ndi phwete, zimenezo n'zanu. Mpikisano wa zisudzo wa ATEM wakhala ukudikira sewero lotere kuyambira mu 1969.

Yesani usiku uno: imikani galasi la windo mopendekeka madigiri 45 pakhomo la chipinda chamdima, mnzanu wofunda nsalu yoyera abisale chakumbali, wina amuunike ndi tochi pang'onopang'ono. Mukamuona ataima mkati mwa chipinda mopanda munthu, mukuganiza kuti galasilo labweza kuwala kochuluka bwanji? Pafupifupi 10 pa 100 basi!